Kuyeza Wodwala: Zoyamba Zimene Namwino Ayenera Kuona, Kufunsa ndi Kulemba

Ntchito yoyeza wodwala imayamba namwino asanagwire chida chilichonse. Munthu akamalowa pakhomo, maso anu akhale ataona kale ngati akuyenda yekha, akumugwiriza, kapena achita kumunyamula. Ngati akulankhula mpaka kumaliza chimene akunena kapena akudukiza kuti akoke mpweya. Ngati akuyang'ana anthu kapena maso angoti gwa pamalo amodzi. Malangizowa ndi a ophunzira unamwino komanso anamwino amene angoyamba kumene ntchito, makamaka m'zipatala za m'maboma ndi zing'onozing'ono za kumidzi, kumene namwino ndiye amayamba kuonana ndi wodwala, ndipo nthawi zina, makamaka usiku, palibe wina woti n'kumufunsa.

Choyamba ndi kupatula odwala mwakayakaya. Musakhale pampando n'kumadikira kuti anthu azilowa mmodzimmodzi monga anafikira, chifukwa matenda sadziwa mzere. Dzukani, muyende pakati pa mabenchi, ndipo mwana aliyense amene wafunditsidwa chitenje mumuvundukule ndi kumuona nkhope. Mwana wolira mokuwa amachititsa aliyense kutembenuka, koma kawirikawiri amene ali pangozi ndi uja wangoti zii kumsana kwa mayi ake, amene mayiwo akuganiza kuti wagona. Njira yopatulira ana odwala kwambiri yotchedwa ETAT inakhazikika pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo bungwe la WHO linaifalitsa ku maiko ena m'chaka cha 2005. Imagawa odwala patatu: ofunika chithandizo pompopompo, ofunika kuwaika patsogolo pa mzere, ndi amene angathe kudikira. Namwino wozolowera amatha kudziwa gulu la mwana m'masekondi osaposa 20.

Pochita zimenezi tsatirani dongosolo limene anamwino amalitchula kuti ABC, kutanthauza njira ya mpweya, kapumidwe ndi kayendedwe ka magazi. Onani ngati njira ya mpweya ili yotseguka: munthu amene akuyankha bwinobwino ndiye kuti mpweya ukudutsa, koma amene akuchita mkonono ali chikomokere, kapena pakhosi pake pakumveka ngati madzi akuwira, njira yake yayamba kutsekeka. Kenako onani kapumidwe, ngati akubanika ndiponso ngati milomo ndi lilime zasintha mtundu. Mukatero gwirani dzanja lake. Likakhala lozizira, dinani chikhadabo mpaka chiyere, muchisiye, ndipo muwerenge nthawi imene magazi atenge kuti abwerere. Akapitirira masekondi atatu, mtima n'kumagunda mothamanga koma mofooka, magazi sakuyenda mokwanira m'thupi. Onaninso ngati wakomoka, akugwidwa ndi linjirinjiri, kapena watha madzi m'thupi chifukwa chotsegula m'mimba. Mukapeza chimodzi mwa zimenezi, siyani mafunso onse, itanani mnzanu, ndipo yambani chithandizo. Dzina, mudzi ndi mfumu zidzalembedwa pambuyo.

Wodwala amene sali pangozi yoteroyo muyambe naye mwaulemu. Sambani m'manja ndi sopo musanamugwire ndiponso mukatha kumugwira, mutseke chitseko kapena mukoke katani, mupereke moni, munene dzina lanu, ndipo mumuuze zimene mukufuna kuchita kuti avomereze. Dziwani kuti moni si funso la matenda. Mukati, "Muli bwanji, agogo?" adzayankha kuti, "Ndili bwino, kaya inu anamwino?" ngakhale atakhala kuti sanagone masiku atatu. Funso lenileni libwere pambuyo pa moni, ndipo likhale lotseguka: "Tatiuzani, agogo, chavuta n'chiyani kuti mubwere lero?" Mukafunsa, khalani chete kwa kanthawi. Anamwino ambiri achangu amadula wodwala pakamwa asanafike pa chimene chamubweretsa, ndipo amatsala ndi dandaulo loyamba, limene nthawi zambiri limakhala laling'ono.

Pa gawo la mafunsoli m'pamene pagona luso lalikulu, chifukwa mawu amene odwala athu amagwiritsa ntchito ndi otambalala. Munthu akati, "Ndikumva malungo," musafulumire kulemba kuti ali ndi malungo, pakuti kwa anthu ambiri mawuwa amatanthauza kuphwanya kwa thupi kulikonse, kutentha, kuzizidwa, ngakhale kutopa. Mufunseni kuti akumva chiyani kwenikweni. Akati, "Mtima ukundipweteka," mupempheni aloze ndi chala, ndipo mudzadabwa kuona kuti ambiri amaloza pachifu, pamene wina amayala chikhatho chonse pachifuwa n'kunena kuti pakulemera ngati pasanjikidwa mwala, ululu n'kumatsikira kumkono wamanzere. Wachiwiriyu musamuchedwetse. Akati, "Chinthu chikuyenda m'thupi," musaseke kapena kumutsutsa, koma funsani kumene chimayambira, kumene chimakathera, ndi nthawi imene chimavuta kwambiri. Pa dandaulo lililonse muyenera kudziwa tsiku limene linayamba, ngati linayamba mwadzidzidzi kapena pang'onopang'ono, malo ake, mtundu wa ululu, kaya ndi wobaya, wopota, wotentha kapena wocheka, chimene chimaukulitsa ndi chimene chimauchepetsa. Yankho lakuti "layamba kalekale" silithandiza. Muthandizeni kukumbukira pomufunsa ngati vutolo linalipo kale pa tsiku la msika lapitali, kapena ngati linayamba mvula isanagwe kapena chimanga chitakololedwa.

Mukamva za vuto la lero, tsegulani buku lake la kuchipatala ndipo muwerenge masamba a m'mbuyo, osangofunafuna tsamba loyera loti mulembepo. M'menemo mungapeze kuti munthu amene akuti mutu ukumupweteka anamupeza ndi BP chaka chatha ndipo sanabwerenso kudzatenga mankhwala. Funsani za matenda okhalitsa monga shuga, BP, mphumu, khunyu ndi chifuwa chachikulu, za opaleshoni iliyonse, ndiponso ngati pali mankhwala amene amamuwenga. Ambiri sadziwa dzina la mankhwalawo, koma amakumbukira kuti anatuluka zidzolo kapena anasupuka khungu atamwa Bactrim kapena Fansidar, kapena kuti anatupa nkhope atabayidwa jakisoni. Aliyense wotsokomola mumufunse mafunso anayi a chifuwa chachikulu: kutalika kwa chifuwacho, kutentha thupi, kutuluka thukuta usiku, ndi kuonda.

Pali mafunso atatu amene amafuna nzeru pofunsa. Loyamba ndi la mankhwala azitsamba. Mukafunsa mwaukali kuti, "Munapita kwa asing'anga eti?" yankho lidzakhala lakuti ayi. Funsani ngati chinthu chachizolowezi: "Musanabwere kuno, ndi chiyani chimene munayesako kunyumba, kaya cha kugolosale kapena cha zitsamba?" Yankho lake ndi lofunika kwambiri kwa mayi amene ali pa matenda a uchembere, chifukwa zitsamba zina zofulumizitsa kubereka zimalimbitsa chiberekero mopitirira muyeso, komanso kwa munthu amene maso ake achita chikasu kapena mkodzo wachepa. Lachiwiri ndi la HIV ndi ma ARV. Limeneli musalifunse pamaso pa gadiyani. Mupempheni gadiyaniyo mwaulemu kuti ayambe watuluka, chifukwa pali amayi amene apongozi awo, ngakhale amuna awo, sadziwa kuti akumwa mankhwala. Lachitatu ndi la msambo. Mkazi aliyense wa msinkhu wobereka amene akudandaula m'mimba mumufunse tsiku limene anasamba komaliza, ngakhale atavala yunifolomu ya sukulu. Mimba yokhala kunja kwa chiberekero ikaphulika imapha msanga, ndipo poyamba imangooneka ngati kupota kwa m'mimba ndi chizungulire.

Gadiyani musamunyoze. Ndi iye amene anagona pafupi ndi wodwala usiku, ndipo amadziwa kuti wasanza kangati, wadya chiyani, ndiponso ngati wayamba kulankhula zosamveka. Mayi akanena kuti mwana wake sali momwe amakhalira, mumumvere ngakhale zida zanu zisanaonetse kanthu.

Tsopano mwafika pa kuyeza zizindikiro zikuluzikulu za moyo. Ndiyamba ndi kapumidwe, chifukwa ndi kamene kamasintha msanga munthu akayamba kuipiraipira, koma ndi kamenenso anamwino amakanyalanyaza koposa, poti kalibe makina. Ndinaonapo pepala la wodwala m'wodi ina limene linalembedwa 20, 20, 20 kuyambira m'mawa mpaka usiku, pamene mwini wakeyo, nditamuwerengera ndi wotchi, ankapuma ka 34 pa mphindi imodzi, ndipo anali ndi chibayo. Nambala yolemba mongoganizira ndi yoipa kuposa malo osalembapo, chifukwa imagoneka tulo aliyense wobwera pambuyo. Werengani kwa mphindi yathunthu, wodwala ali phee, ndipo musamuuze kuti mukuwerenga, chifukwa munthu akadziwa amasintha kapumidwe. Njira yabwino ndi kusiya zala zanu pamkono pake ngati mukumvabe kugunda kwa mtima, maso ali pachifuwa. Wamkulu amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi. Kwa ana malire ake amatsata msinkhu: khanda losakwana miyezi iwiri likupuma mothamanga likafika pa 60, mwana wa miyezi iwiri mpaka 11 akafika pa 50, ndipo wa chaka chimodzi mpaka zisanu akafika pa 40. Mwana wolira sawerengeka, choncho mupempheni mayi amuyamwitse kapena amutonthoze kaye, kenako akweze malaya kuti muone ngati m'munsi mwa chifuwa mukulowa mkati pamene akukoka mpweya.

Kugunda kwa mtima mumve pamkono, m'munsi mwa chala chachikulu, pogwiritsa ntchito zala ziwiri kapena zitatu, osati chala chanu chachikulu chifukwa nachonso chimagunda. Kwa wamkulu amene wapumula, mtima umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi, ndipo kwa khanda lobadwa kumene umafika pakati pa 120 ndi 160. Kuwonjezera pa nambala, zala zanu zikuuzeni ngati kugundako kuli kwamphamvu kapena kofooka ngati ulusi, ndiponso ngati kukudumphadumpha. Nambala ya pa makina payokha singakuuzeni zimenezi.

Kutentha kwa thupi nthawi zambiri timayeza m'khwapa. Pukutani thukuta, muike nsonga ya themomita pakati penipeni pa khwapa, ndipo mkono ukhale wopanikiza. Kuyambira madigiri 37.5 kupita m'mwamba ndiye kuti thupi latentha. Kuzizira nakonso n'koopsa: khanda limene latsika kufika pansi pa 35.5 likudwala kwambiri, ndipo nkhalamba kapena mwana wonyentchera angathe kukhala ndi matenda aakulu a m'magazi thupi lake osatentha konse.

Poyeza BP, wodwala akhale pansi ndi kupumula mphindi zisanu, makamaka ngati wayenda mtunda wautali kapena wapalasa njinga. Mkono ukhale wotsamira, molingana ndi mtima, ndipo lamba akulungidwe pakhungu, osati pamwamba pa juzi. Lamba wamng'ono pa mkono waukulu amaonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni, ndipo anthu ena anayamba kumwa mankhwala a BP chifukwa cha cholakwa chimenechi. Nambala ikafika 140/90, yezaninso pakapita kanthawi musanagamule. Kwa mayi woyembekezera amene mimba yake yapitirira masabata 20, nambala imeneyi ikutanthauza kuti muyeze mkodzo ndi kufunsa za mutu, kusaona bwino ndi ululu wa pachifu, ndipo ikafika 160/110 ndi ngozi yofuna chithandizo nthawi yomweyo. Nambala ya pamwamba ikatsika pansi pa 90, wodwala n'kukhala wofooka, musadikire. Koma kumbukirani kuti munthu amene akutaya magazi, makamaka wachinyamata kapena mwana, BP yake imachedwa kutsika, pamene mtima umakhala utayamba kale kuthamanga.

Kachida kopana pachala koyezera mpweya wa m'magazi kakaonetsa nambala yochepera 90, wodwalayo akufunika okosijeni. Kachidaka kamanama chala chikakhala chozizira, chikamanjenjemera, kapena chikhadabo chikakhala chopakidwa utoto, choncho nambala yachilendo muiyerekeze ndi munthu amene mukumuona. Ululu nawonso uyezedwe pomufunsa wodwala kuti auike pakati pa 0 ndi 10, ndipo musakhulupirire nkhope yokha, poti abambo ambiri analeredwa kuti mwamuna salira.

Za kutsitsimuka kwa wodwala, njira yachidule ndi ya AVPU, imene imafunsa ngati munthu ali maso, ngati amayankha mukamuitana, ngati amangoyankha mukamutsina, kapena ngati sayankha konse. Kwa wamkulu amene wavulala m'mutu gwiritsani ntchito muyeso wa Glasgow, umene unayamba m'chaka cha 1974 ndipo umachokera pa 3 kufika pa 15. Kwa ana aang'ono amene sanayambe kulankhula pali muyeso wa Blantyre, umene Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anaukonza chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 posamalira ana odwala malungo a mu ubongo. Umachokera pa 0 kufika pa 5, ndipo umayang'ana ngati maso a mwana akutsatira nkhope ya mayi ake, mmene akulirira, ndi mmene akuchitira akamva kuwawa. Aliyense amene wakomoka, wasokonezeka mutu kapena wagwidwa ndi linjirinjiri muyezeni shuga nthawi yomweyo. Kwa mwana, shuga wotsika ndi wochepera 2.5 mmol/L pa kachida koyezera shuga, kapena wochepera 3 ngati mwanayo ndi wonyentchera. Bambo wonunkha kachasu amene sakudzuka musangoti waledzera, chifukwa mowa umatsitsa shuga, ndiponso angakhale kuti anagwa n'kumenyetsa mutu.

Mukatha izi, yezani thupi lonse kuyambira kumutu mpaka kumapazi, pamalo owala, mukuvundukula mbali imodzi imodzi ndi kufunditsa kwinako kuti munthu asachite manyazi. Mwambo wake ndi kuyang'ana, kukhudza, kugogoda ndi kumvetsera, kupatula pamimba, pamene muyenera kumvetsera musanadine, popeza kudina kumasokoneza kulira kwa matumbo. Pakhungu lakuda, kuchepa kwa magazi sikuoneka pankhope. Tsitsani chikope cha m'munsi, muone lilime, ndipo muyerekeze chikhatho cha wodwala ndi chanu kapena cha gadiyani. Chikasu chimaoneka m'maso, ndipo chimabisala pa kuwala kwa babu, choncho ngati n'kotheka muyang'anire pafupi ndi zenera. Yang'anani m'kamwa ngati muli zoyera zomata, papasani m'khosi ngati muli mwanabele, ndipo kwa wodwala wotentha thupi ndi mutu, muone ngati khosi likupindika. Kwa khanda gwirani liwombo kuti mudziwe ngati lalowa kapena latukuka. Pachifuwa mvetserani mbali zonse ziwiri, kutsogolo ndi kumsana, mukuyerekeza kumanja ndi kumanzere. Pamimba yambirani kutali ndi pamene pakupweteka, maso anu ali pankhope ya wodwala.

Kwa wotsegula m'mimba, tsinani khungu la pamimba ndi kulisiya. Likatenga masekondi oposa awiri kuti libwerere, maso atalowa, munthu n'kumalephera kumwa, madzi atha kwambiri m'thupi. Amene anagwira ntchito pa nthawi ya kolera wa 2022 ndi 2023 akudziwa kuti munthu wamkulu angathe kufika pamenepa m'maola ochepa chabe. Kumapazi dinani ndi chala kwa masekondi atatu. Pakatsala dzenje kumapazi onse awiri a mwana, ndi chizindikiro cha kunyentchera koopsa ngakhale mwanayo akuoneka wonenepa. Mwana wa miyezi 6 mpaka 59 muyezeni mkono ndi tepi ya MUAC: pansi pa masentimita 11.5 ndi kunyentchera kwambiri, ndipo pakati pa 11.5 ndi 12.5 ndi kunyentchera kocheperako. Sikelo musaiiwale, pakuti mankhwala a ana amatsata kulemera kwawo. Wodwala wogonekedwa amene sangathe kudzitembenuza mumutembenuze ndithu, muone kumsana, m'chiuno ndi zidendene, chifukwa zilonda za pabedi zimayamba mwakachetechete, ndipo pakhungu lakuda zimayamba ngati malo oderapo, otentha kapena olimba.

Zoyeza za pompopompo, monga malungo, mkodzo, mimba ndi kuchuluka kwa magazi, zichitike molingana ndi zimene mwapeza. Apa pali msampha umodzi. Munthu angathe kupezeka ndi malungo komanso kukhala ndi chibayo kapena matenda oumitsa khosi, ndiye mizere iwiri yosonyeza malungo ikatuluka pa kachida koyezera, musaleke kuganiza.

Zonse mwapezazi zilembeni nthawi yomweyo, ndi tsiku, ola ndi dzina lanu. Dandaulo la wodwala mulilembe monga wanenera mwini wake, ndipo zimene mwaona ndi kuyeza muzilembe padera. Mawu akuti "ali bwino" kapena "wagona bwino" sauza kanthu munthu amene adzawerenge mawa. Lembani kuti wamwa makapu angati, wakodza kangati, ndipo akupuma kangati pa mphindi. Wamkulu amene ali ndi paipi ya mkodzo ayenera kutulutsa pafupifupi mamililita 30 pa ola, ndipo thumba likakhala louma kwa maola angapo, nenani. Musanatseke failo yang'anani manambala a m'mbuyo, chifukwa mtima umene unali pa 80 m'mawa, 96 masana ndi 112 madzulo ukunena zambiri kuposa nambala iliyonse payokha.

Poitana dokotala kapena popereka lipoti kwa amene akukulandirani ntchito, nenani dzina la wodwala ndi bedi lake, chimene chachitika tsopano, mbiri yake mwachidule, manambala amene mwapeza, ndi chimene mukupempha. Kunena kuti, "Adokotala, wodwala uja sakuoneka bwino," sikudzutsa munthu amene wagwira ntchito usiku wonse. Nenani kuti, "Adokotala, mayi a pa bedi 6 amene anachitidwa opaleshoni masana, mtima wakwera kuchoka pa 88 kufika pa 124, BP yatsika kufika pa 90/60, zikhatho zayera ndipo mimba yatupa. Ndikuganiza kuti akutaya magazi mkati, ndaika diripi, chonde bwerani tsopano." Mukatero lembani nthawi imene mwaimba foni, mubwerere pa bedi, ndipo muyezenso mayiwo pa mphindi 15 zilizonse mpaka dokotalayo atafika.